Mpando Umene Adasiyira Amayi

Pa 8 Januwale 1975, mu mzinda wa Hartford m'dziko la Amereka, Mayi Ella Grasso, a zaka 55, adalumbira kukhala Bwanamkubwa wa chigawo cha Connecticut. Nyuzipepala za m'dziko lonselo zidachita nayo chidwi nkhaniyi, ngakhale kuti iwo sadali mayi woyamba kukhala pa mpando wotere. Amayi atatu adali atawatsogolera kale. Nellie Ross wa ku Wyoming adasankhidwa mu 1924 kuti atsirize ntchito ya mwamuna wake amene adamwalira ali pa udindo. Miriam Ferguson wa ku Texas adaima chaka chomwecho chifukwa mwamuna wake adali atachotsedwa pa mpando ndi kuletsedwa kuimanso. Lurleen Wallace wa ku Alabama adapambana mu 1966 chifukwa lamulo silidalole mwamuna wake, George Wallace, kulamula kawiri motsatizana, ndipo aliyense ankadziwa mwini wake weniweni wa ulamulirowo. Atatu onsewa adalowera pa khomo limene amuna awo adatsekula. Koma mwamuna wa Mayi Grasso adali mphunzitsi wamkulu wa pasukulu, ndipo mpando wa Bwanamkubwa sadaukhalepo. Mkazi wake adaufika mpandowo atayenda yekha ulendo wa zaka 22.

Kuti nkhaniyi imveke bwino nkofunika kulongosola pang'ono za kayendetsedwe ka dziko la Amereka. Dzikoli lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake, Nyumba ya Malamulo yake, makhoti ake, apolisi ake ndi misonkho yake. Boma lalikulu la ku Washington limayang'anira za nkhondo, za ndalama ya dziko ndi za ubale ndi maiko ena, koma sukulu imene mwana amaphunzirako ndi msewu umene amadzera popita kumeneko zili m'manja mwa chigawo ndi matauni ake. Mutu wa chigawo ndiye Bwanamkubwa. Owerenga asamusokoneze ndi Bwanamkubwa wa nthawi ya atsamunda uja ankakhala ku Zomba, amene ankachita kutumizidwa kuchokera ku London. Wa ku Amereka amasankhidwa ndi anthu, ndipo anthu omwewo amatha kumuchotsa pa chisankho chotsatira. Connecticut ndi kachigawo kakang'ono ka kumpoto chakum'mawa, kachitatu kuchokera kumapeto tikayerekeza kukula kwa malo. M'zaka za m'ma 1970 kadali ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni okhala m'matauni 169. Kadatchuka ndi mafakitale a mfuti, a mawotchi, a mkuwa ndi a mainjini a ndege, ndipo mafakitale amenewa ndiwo adakoka anthu osauka ochokera ku Ireland, ku Poland ndi ku Italy.

Ena mwa anthu obwerawa adali makolo a Ella Tambussi, amene adabadwa pa 10 Meyi 1919 m'tauni ya Windsor Locks, m'mphepete mwa mtsinje wa Connecticut. Bambo ake adali ophika ndi kugulitsa buledi, pamene mayi ake adagwirapo ntchito m'fakitale. Onse awiri adachokera ku Italy ndipo sadapite patali ndi sukulu. Pa nthawi imene mwanayu ankabadwa, malamulo aakulu a dziko la Amereka adali asanapatse amayi onse ufulu woponya voti. Ufuluwo udadza chaka chotsatira, mu 1920. Mtsikanayu adayamba maphunziro ake pa sukulu ya Akatolika ya St. Mary's m'tauni yakwawo, ndipo chifukwa cha kukhoza bwino adapeza thandizo lolipirira sukulu ya Chaffee, kumene kunkaphunzira ana a anthu opeza bwino. Kuchoka apo adapita ku koleji ya atsikana ya Mount Holyoke m'chigawo cha Massachusetts, kumene adalandira digiri yoyamba mu 1940 ndi yachiwiri mu 1942, pa maphunziro a za chuma ndi za chikhalidwe cha anthu. Chaka chomwecho cha 1942 adakwatiwa ndi Thomas Grasso, ndipo m'banja mwawo mudabadwa ana awiri.

M'kati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Mayi Grasso adagwira ntchito ya kafukufuku m'nthambi ya boma imene inkagawa anthu ogwira ntchito m'mafakitale a zida. Pa nthawi yomweyo adalowa bungwe la amayi lotchedwa League of Women Voters. Bungweli silikhala mbali ya chipani chilichonse. Ntchito yake ndi kuwerenga malamulo amene akukonzedwa, kufufuza m'mene misonkho ikugwiritsidwira ntchito, ndi kufotokozera anthu wamba zimenezi m'mawu osavuta. Ndi ntchito yotopetsa, yopanda nthungululu, ndipo amuna ambiri a ndale ankaiyesa chibwana cha amayi osowa chochita. Komabe m'menemo ndi m'mene mayiyu adaphunzira chinthu chimene aphungu ambiri sachidziwa kufikira atapuma pa ntchito, ndicho kuwerenga chikalata cha boma kuchokera pa mzere woyamba mpaka wotsiriza ndi kuona pamene pabisala ndalama.

Mu 1952 adaima pa chisankho cha phungu wa Windsor Locks m'Nyumba ya Malamulo ya chigawo, m'dzina la chipani cha Democratic, ndipo adapambana. Kumeneko ndi kumene adagwira diso la John Bailey, wapampando wa chipanicho m'chigawo chonse. Munthu ameneyu ndi wofunika kumudziwa, pakuti popanda iye nkhaniyi ikadayenda njira ina. Bailey adatsogolera chipani ku Connecticut kwa zaka pafupifupi 30, ndipo adali mmodzi mwa akuluakulu oyamba kuima kumbuyo kwa John Kennedy, amene atakhala Pulezidenti adamuika kukhala wapampando wa chipani m'dziko lonse. Luso lake lalikulu lidali kusanja mndandanda wa anthu oimira chipani. Ankaonetsetsa kuti pa maudindo akuluakulu a chigawo pakhale munthu wa mtundu wa Ireland, wina wa Italy, wina wa Poland, wina Myuda, ndi mayi mmodzi, kuti fuko lililonse lione nkhope yake pa chikalata choponyera voti. Kwa munthu wowerengera motero, Mayi Grasso adali ngati mbalame zitatu zogwa ndi mwala umodzi: adali Mtaliyana, adali Mkatolika, adalinso mayi. Kuwonjezera apo ankadziwa kulemba. Posakhalitsa adayamba kulemba malankhulidwe a akuluakulu a chipani, ndipo kuyambira mu 1956 kufikira mu 1968 adatsogolera komiti yolemba mfundo zimene chipani chinkalonjeza anthu.

Ena anganene kuti kukwera kotereku ndi kukwera pa msana pa mwamuna ndithu, kungoti mwamunayo sadali wa kunyumba. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo palibe chifukwa chowabisira. Palibe munthu, mwamuna kapena mkazi, amene adakwera m'chipani cha Democratic ku Connecticut m'zaka zimenezo Bailey asakufuna. Kusiyana kwake nkwakuti Bailey sankapatsa munthu malo chifukwa cha chibale kapena chisoni, koma chifukwa cha mavoti ndi ntchito imene munthuyo angabweretse. Amene sankabweretsa kanthu ankatsala m'njira.

Mfundo zimene Mayi Grasso adathandiza kulemba sizidali zokometsera pakamwa pokha. Imodzi mwa izo idali yothetsa maboma aang'ono asanu ndi atatu otchedwa county, amene adali pakati pa matauni ndi boma la chigawo. Maboma amenewa adali atatsala ndi ntchito zochepa, monga kuyang'anira ndende, koma ankadya msonkho ndi kusunga anthu a ndale pa malipiro. Nyumba ya Malamulo idavomereza kuwathetsa mu 1959, ndipo adatsekedwa mu 1960. Chigawo chimene chidachita zotere n'chosowa ku Amereka.

Pofika nthawi imeneyi mayiyu adali atasamukira kale pa udindo wina. Mu 1958 chipani chidawaika kuti aime ngati Mlembi wa Chigawo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuyambira mu 1939 zipani zonse ziwiri za ku Connecticut zidazolowera kupereka mpando umenewu kwa mayi, ndipo kawirikawiri udakhaladi m'manja mwa amayi. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mlembi wa Chigawo salamula apolisi, sagawa ndalama za misewu, salemba anthu ambiri ntchito. Amasunga chidindo cha boma ndi zikalata za malamulo, amalembetsa makampani, ndipo amayang'anira kayendetsedwe ka zisankho. Amuna a ndale ankauona ngati mpando wa pakhonde, woyenera mlendo amene sufuna kumunyoza komanso sufuna kuti alowe kuchipinda kumene akugawa nyama. Popereka mpandowu kwa mayi, chipani chinkaoneka chaulemu pamaso pa amayi oponya voti popanda kutaya mphamvu iliyonse.

Mayi Grasso adaulandira mpandowo osadandaula, ndipo adaukhala zaka 12, kuyambira mu 1959 kufikira mu 1971, atasankhidwanso mu 1962 ndi mu 1966. Iwo adaona chimene amuna aja sadachiganizire. Munthu woyang'anira zisankho ayenera kugwira ntchito ndi alembi a matauni onse 169, pamodzi ndi akuluakulu olembetsa oponya voti a zipani zonse ziwiri m'tauni iliyonse. Anthu amenewa ndi ang'onoang'ono, maina awo salembedwa m'nyuzipepala, koma ndiwo amadziwa banja lililonse la m'dera lawo, ndipo ambiri mwa iwo ndiwo amasankha nthumwi zopita ku msonkhano waukulu wa chipani. Phungu amadziwika m'tauni yake yokha. Nduna yosankhidwa ndi Bwanamkubwa imadziwika ndi Bwanamkubwayo. Koma Mlembi wa Chigawo dzina lake limaoneka pa chikalata choponyera voti m'chigawo chonse, ndipo ali ndi chifukwa chomveka choyendera tauni iliyonse popanda wina kumukayikira kuti akufuna mpando wa mnzake.

Adachitanso china. Ofesi yawo, imene idali m'nyumba yaikulu ya boma ku Hartford, adaitsekula kwa aliyense wobwera ndi dandaulo, ngakhale dandaulo losakhudza ntchito ya Mlembi. Munthu wosowa kolowera m'maofesi a boma ankatha kufika pamenepo, kumvedwa, ndi kulozeredwa khomo loyenera. Magulu omenyera chisamaliro cha odwala misala, malo osungirako ana masana, ndi ufulu wa anthu akuda, adapeza pa ofesiyi munthu wodziwa m'mene lamulo limalembedwera ndiponso wodziwa phungu woyenera kumuona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka 12 ndi nthawi yaitali kwa munthu wa digiri ziwiri kukhala akusunga chidindo pamene anzake a nzeru zochepa akumudutsa, ndipo wachinyamata aliyense amene adalembedwapo ntchito yochepera maphunziro ake akudziwa kuwawa kwake. Koma pamene zakazo zinkatha, padalibe wandale wina ku Connecticut amene adagwirana chanza ndi anthu ochuluka chotere popanda kudana ndi ambiri.

M'kati mwa zaka zimenezi mudachitika chinthu chimene chidasintha maziko a ndale za chigawochi. Malamulo akale a mu 1818 ankapatsa tauni iliyonse phungu mmodzi kapena awiri, posayang'ana kwenikweni kuchuluka kwa anthu. Zotsatira zake zidali zodabwitsa. Kamudzi ka Union, ka anthu osafika 400, kadali ndi aphungu awiri, chimodzimodzi ndi mzinda wa Hartford wa anthu oposa 160,000. Motero alimi ochepa a kumidzi, amene ambiri adali a chipani cha Republican, ankalamula Nyumba ya Malamulo pamwamba pa unyinji wa anthu a m'mafakitale. Makhoti a boma lalikulu atagamula mu 1964 kuti zimenezi n'zosemphana ndi chilungamo, chigawo chidaitanitsa msonkhano wolemba malamulo atsopano mu 1965. Wotsogolera nthumwi za chipani cha Democratic pa zokambiranazo adali Mayi Grasso. Wosunga chidindo uja tsopano adali pakati pa olemba malamulo amene chidindocho chidzasindikize.

Mu 1970 phungu woimira dera la kumpoto chakumadzulo kwa chigawo ku Washington, Thomas Meskill wa chipani cha Republican, adasiya mpando wake kuti akapikisane pa u Bwanamkubwa. Meskill adapambana, ndipo Mayi Grasso adatenga mpando umene iye adasiya, ngakhale kuti adapambana ndi mavoti ochepa. Adasankhidwanso mu 1972, chaka chimene Richard Nixon adasesa pafupifupi zigawo zonse. Ku Washington adakhala m'komiti ya za maphunziro ndi ntchito ndiponso ya za asilikali akale, koma mtima wawo sudakhazikike kumeneko. M'nyumba ya aphungu 435, amayi sankafika 20, ndipo mphamvu zinkapita kwa amene akhalitsa. Phungu watsopano wa zaka zoposa 50 akadayembekeza mpaka imvi zitatha asanapatsidwe komiti yoti atsogolere. Maso awo adali ku Hartford.

Chaka cha 1974 chidawakomera m'njira zingapo. Nixon adatula pansi udindo mu Ogasiti chifukwa cha mlandu wa Watergate, ndipo chipani chake chidanunkha m'dziko lonse. Meskill sadaimenso. Mitengo ya mafuta idali itakwera koopsa kuyambira mu 1973, ndipo makampani a magetsi ankawonjezera mtengowo pa ngongole za mwezi ndi mwezi za anthu. Apa luso lija lowerenga zikalata lidabala zipatso. Mayi Grasso adaonetsa poyera kuti makampaniwo adalipiritsa anthu ndalama zankhaninkhani mopitirira muyeso, bungwe la boma loyenera kuwayang'anira lili chete. Nkhani yotereyi mayi aliyense wolipira magetsi ankaimva popanda womasulira. M'chipani mwawo mudali amuna ofuna mpando womwewo, wamkulu mwa iwo Robert Killian, loya wamkulu wa chigawo. Koma ataona kuti nthumwi za m'matauni zili kumbuyo kwa mayiyu, Killian adavomera kuima ngati wachiwiri wawo. Mu Novembala adagonjetsa Robert Steele wa chipani cha Republican ndi mavoti oposa 200,000.

Lonjezo lawo lina pa msonkhano uliwonse lidali lakuti sadzalola msonkho wodula pa malipiro a anthu. Connecticut idalibe msonkho wotere. Nyumba ya Malamulo idauyesa mu 1971, koma anthu adakwiya kotero kuti aphungu adauchotsa patangopita masabata owerengeka. Lonjezoli lidabweretsa mavoti, ndipo pambuyo pake lidabweretsa minga. Walira mvula walira matope.

Atalowa mu ofesi adapeza kuti thumba la boma likuperewera ndi madola pafupifupi 80 miliyoni, ndipo malamulo a chigawo salola boma kukonza ndondomeko ya chuma yoposa ndalama zimene lipeze. Bailey, amene akadawathandiza kugwira aphungu pamodzi, adamwalira mu Epulo chaka chomwecho cha 1975. Mayi Grasso adayamba ndi iwo eni. Adabweza ku thumba la boma madola 7,000 amene adawonjezedwa pa malipiro awo, ndipo adagulitsa galimoto lalitali la Bwanamkubwa pamodzi ndi ndege ya boma. Zimenezi zidakondweretsa anthu, koma dzenje la mamiliyoni silikwiririka ndi mtengo wa galimoto. Msonkho wa pa zogula m'sitolo udakwera kufika pa 7 peresenti. Thandizo la anthu osauka lidafinyidwa. Ndipo chakumapeto kwa chakacho antchito a boma 505 adachotsedwa ntchito. Mabungwe a antchito, amene adayenda khomo ndi khomo kuwapemphera mavoti, adaona ngati alumidwa ndi galu wa pakhomo pomwe.

Pa mfundo imeneyi mbiri yawo siyenera kupakidwa mafuta. Msonkho wa pa zogula umalemera kwambiri pa wosauka, pakuti iye amagwiritsa ntchito ndalama yake yonse pogula zofunika, pamene wolemera amasunga yambiri. Msonkho wa pa malipiro ukadatenga zambiri kwa okhala m'nyumba zikuluzikulu za kufupi ndi New York. Munthu wophunzira za chuma ngati Mayi Grasso sakadalephera kudziwa zimenezi. Mwana wa wophika buledi adasunga lonjezo limene lidapepukira olemera koposa anthu a kwawo. Chimene chinganenedwe powaikira kumbuyo n'chakuti adalonjeza poyera, anthu adavomereza ndi mavoti awo, ndipo iwo sadatembenuke atakhala pa mpando; komanso m'zaka zotsatira mabuku a boma adalingana, ndalama n'kumatsalako.

Lamulo limene likukumbukika kwambiri la chaka choyambacho ndi lopatsa anthu ufulu woona zikalata za boma ndi kukhala nawo pa misonkhano ya mabungwe a boma. Lidadutsa mu 1975 popanda phungu wotsutsa, ndipo lidakhazikitsa bungwe lapadera limene munthu wamba angadandaulireko ngati ofesi yamubisira chikalata, osafunika kulipira loya ndi kupita kukhoti. Bungwe lakale loyang'anira makampani a magetsi lidathetsedwanso n'kukhazikitsidwa lina. M'malamulo awiriwa mukuoneka dzanja la munthu amene adakhala zaka zambiri akumvetsera anthu obwezedwa pa makomo a maofesi.

Ubale wawo ndi magulu omenyera ufulu wa amayi sudali wofunda. Magulu amenewa adakondwera ndi kupambana kwawo, koma iwo sadafune kutchedwa woimira amayi. Ankafuna kuweruzidwa ngati Bwanamkubwa wina aliyense. Monga Mkatolika wolimba, adatsutsa kuchotsa pathupi, ndipo boma lawo lidakana kulipira ndi ndalama za msonkho amayi osauka ofuna kutero popanda chifukwa cha matenda. Mlandu wa nkhaniyi udafika ku khoti lalikulu la dziko, limene mu 1977 lidagamula mokomera chigawo cha Connecticut. Amayi ambiri ophunzira adakhumudwa nazo. Amayi ambiri a m'mafakitale ndi a m'matchalitchi adagwirizana nazo.

Pofika kumayambiriro kwa 1978, chaka cha chisankho, mbiri yawo idali itazilala, ndipo wachiwiri wawo yemwe, Killian uja, adali kukonzeka kuwalanda mpando. Tsono kudagwa chipale. Ku maiko ozizira, m'miyezi ya Disembala mpaka Malichi, m'malo mwa mvula kumagwa madzi oundana opepuka ngati ufa, amene amaunjikana pansi osasungunuka. Mu Januwale chaka chimenecho denga la bwalo lalikulu la masewera la mu Hartford lidagwa usiku chifukwa cha kulemera kwa chipale, patangopita maola ochepa anthu zikwi zingapo atatulukamo. Mwamwayi padalibe wovulala. Anthu asanaiwale zimenezi, pa 6 Febuluwale kudayamba namondwe wa chipale amene sadaonekepo kwa zaka zambiri. Chidagwa usana ndi usiku mpaka kufika m'mawondo mwa munthu wamkulu, ndipo pamene mphepo idachiunjika chidakwirira magalimoto athunthu. Anthu ochokera ku ntchito adatsekeredwa m'misewu, ena n'kusiya magalimoto awo pomwepo.

Galimoto la Bwanamkubwa nalo lidatitimira mu msewu wa mu Hartford. Mayi wa zaka 58 adatsika n'kuyenda pansi m'chipalemo kukafika ku nyumba ya asilikali a chigawo, kumene kudali likulu la ntchito yopulumutsa anthu. Ali kumeneko adalamula chinthu chimene abwanamkubwa ambiri akadachiopa: adatseka misewu yonse ya m'chigawo, kuletsa galimoto lililonse kuyenda kupatula a chipatala, apolisi, ozimitsa moto ndi ochotsa chipale. Masitolo, mafakitale ndi masukulu zidatsekedwa kwa masiku atatu. Nzeru yake idali yosavuta. Makina okankha chipale sangayeretse msewu wodzaza ndi magalimoto otitimira, ndipo galimoto lililonse lotuluka pakhomo likadakhala chopinga china panjira ya ambulansi. Koma kutseka chuma cha anthu 3 miliyoni m'chaka cha chisankho kumafuna munthu wokonzeka kusenza mlandu yekha ngati zinthu zitalakwika. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Adapempha thandizo kwa Pulezidenti Jimmy Carter, amene adatumiza asilikali ndi makina. Adayendera madera ovutika pa helikopita. Koposa zonse, anthu otsekeredwa m'nyumba zawo ankawaona pa wailesi yakanema ndi kuwamva pa wailesi nthawi ndi nthawi, atavala zovala wamba za ntchito, nkhope yotopa, akufotokoza msewu umene watsekulidwa ndi umene sunatsekulidwe. Ankatchula matauni ang'onoang'ono ngati munthu wowadziwa, pakuti adawayenderadi onse m'masiku aja osunga chidindo. Kuyambira pamenepo anthu adayamba kuwatchula kuti Mayi Ella, dzina limene m'chilankhulo chawo limatanthauza mayi wobala, osati ulemu wamba wopatsa mkazi aliyense. N'zochititsa chidwi kuti munthu amene adakana moyo wake wonse kupempha mavoti m'dzina la umayi adapatsidwa dzina lotere ndi anthu eni ake.

Killian adapikisana nawobe m'chisankho cha m'chipani mu Seputembala, koma adagonja moonekeratu, mavoti awiri kwa imodzi. Mu Novembala Mayi Grasso adagonjetsa Ronald Sarasin wa chipani cha Republican ndi kuyamba chigawo chachiwiri cha ulamuliro wawo. Kuyambira pa chisankho cha ku Windsor Locks cha mu 1952, sadagonjepo pa chisankho chilichonse.

Chigawo chachiwiricho sadachitsirize. Mu Malichi 1980 madokotala adawapeza ndi khansa ya m'ziwalo zoberekera. Adachitidwa opaleshoni n'kubwerera ku ntchito, koma chakumapeto kwa chaka nthendayo idapezeka kuti yafalikira ku chiwindi. Lamulo silidawakakamize kuchoka. Akadatha kugwira mpando ali m'chipatala, ntchito n'kumayendetsedwa ndi alembi awo. Iwo adalengeza kuti alibenso mphamvu zokwanira ntchitoyo, ndipo adatula pansi udindo pa 31 Disembala 1980. Wachiwiri wawo, William O'Neill, adalowa m'malo mwawo. Adamwalira m'chipatala cha ku Hartford pa 5 Febuluwale 1981 ali ndi zaka 61, ndipo adaikidwa m'manda a St. Mary's ku Windsor Locks, tauni imene adabadwira. Chaka chomwecho Pulezidenti Ronald Reagan, wa chipani chotsutsana ndi chawo, adawapatsa mendulo yapamwamba koposa imene dziko la Amereka limapatsa anthu wamba.

Msonkho wa pa malipiro umene adaukana udakhazikitsidwa mu 1991, pa ulamuliro wa Bwanamkubwa Lowell Weicker, anthu zikwizikwi akuchita zionetsero zokwiya kunja kwa Nyumba ya Malamulo. Connecticut idadikira mpaka mu 2004 kuti ione mayi wachiwiri pa mpando wa Bwanamkubwa, Jodi Rell wa chipani cha Republican, amene adayambanso ngati phungu wa tauni yake m'Nyumba ya Malamulo ya ku Hartford.